Kugwira ntchito popanda kontirakiti yolembedwa sikukulandani chipukuta misozi

Kwa zaka zambiri mabilidala ndi okanya matope kuno ku Salima akhala akuuzana kuti munthu amene sanasainirane pepala ndi kontirakitala, akagwa pa sikafodi (nsanja ya matabwa yokwerapo pomanga), zake zada. Bodza limeneli lasaukitsa mabanja ambiri.

Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 limavomereza mgwirizano wapakamwa. Chofunika n'chakuti munavulala mukugwira ntchito ya amene anakulembaniyo, ngakhale iye sanalakwe kalikonse. Ndalamazo amaziwerengera potengera malipiro anu komanso mmene dokotala waonera kuti mwalumala, osati mmene bwana wafunira.

Nkhani zambiri zimafera pa umboni. Uzani folomani tsiku lomwelo. Kuchipatala nenani momveka kuti munavulalira kuntchito, kuti zilembedwe m'buku lanu. Ambiri amangoti "ndinagwa" poopa kuchotsedwa ntchito, kenako bwana amakana kuti sizinachitikire pa saiti pake. Jambulani thabwa lomwe linathyoka asanalichotse. Sungani mameseji a malipiro a pafoni ndi mayina a anzanu amene anaona. Kenako pitani ku ofesi ya zantchito msanga, chifukwa madandaulo otere ali ndi nthawi yake. Pepala lakuti nkhani yatha musalisainire dokotala asanakuyezeni komaliza. Msana umatha kudzavuta patapita miyezi.

Ngati mukukayika, funsani ku ofesi komweko akuonetseni ndime ya lamuloyo, kapena muliwerenge pa intaneti. Zomwe simunatsimikize musazifalitse pa WhatsApp, chifukwa wovulala akazimva amangokhala pakhomo nthawi n'kudutsa.