Richmond, tauni yomwe inkapanga sitima usana ndi usiku

M'chaka cha 1940, Richmond inali tauni yaing'ono m'mphepete mwa nyanja ya San Francisco Bay ku California, yokhala ndi anthu pafupifupi 23,000. Patangopita zaka zitatu, anthu anali ataposa 90,000. Nyumba zinasowa. Ena ankagona m'galimoto, ena m'nyumba zoonetsera kanema zomwe zinkatsegula usiku wonse, ndipo ena ankasinthana bedi limodzi: wogwira ntchito usiku akamafika, wa m'mawa anali akudzuka, bulangete lisanazizire.

Chomwe chinasonkhanitsa khamu lonseli ndi sitima. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza sitima zonyamula chakudya, mafuta ndi zida kupita ku Britain. Kumapeto kwa 1940 Britain inapempha makampani a ku America kuti aipangire sitima zatsopano, ndipo ntchito ina inagwera Henry Kaiser, munthu wodziwika pomanga misewu ndi madamu akuluakulu ngati Hoover Dam, yemwe anali asanapangepo sitima chibadwire. Japan itaphulitsa doko la asilikali apamadzi a America la Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, America nayonso inalowa m'nkhondo, ndipo ku Richmond malo opangira sitima anafika anayi.

Kaiser sanatsate njira ya akale yomanga sitima chidutswachidutswa pamalo amodzi. Zigawo zikuluzikulu ankazipangiratu padera, makina onyamulira katundu wolemera n'kuzikweza, anthu n'kuziwotcherera. Ubwino wa kuwotcherera ndi woti munthu ankaphunzira m'milungu yochepa chabe. Ndi chifukwa chake alimi ochokera ku Oklahoma, Arkansas, Texas ndi Louisiana, anthu omwe ena mwa iwo anali asanaionepo nyanja, anapezeka atavala chisoti chachitsulo n'kugwira moto m'manja. Amayi nawo analowa mwaunyinji pamene amuna ankapita kunkhondo. Mu Novembala 1942, sitima yotchedwa Robert E. Peary anaimaliza m'masiku anayi ndi maola 15 ndi theka. Imeneyo inali yoonetsera luso, sizinkatero tsiku ndi tsiku, koma pofika kumapeto kwa nkhondo Richmond inali itatulutsa sitima 747.

Anthu ochuluka chonchi amadwala, amavulala, ali ndi ana. Dokotala Sidney Garfield anakonza zoti wantchito aliyense azidulidwa masenti 50 pa sabata kuti azilandira chithandizo cha kuchipatala, ndipo njira imeneyi ndiyo inabala bungwe la zaumoyo la Kaiser Permanente, lomwe lilipo mpaka lero. Anatsegulanso malo olerera ana kuti amayi azigwira ntchito mtima uli m'malo.

Koma nkhani ya Richmond ikafotokozedwa mpaka pamenepa yokha, imakhala yatheka. Anthu akuda omwe anathawa tsankho la kumwera analipezanso likuwadikira pachipata. Bungwe la ogwira ntchito la Boilermakers silinkawalandira ngati mamembala enieni. Linawapatsa nthambi yawoyawo yotchedwa A-36, komwe ankapereka ndalama zaumembala koma analibe mawu pa zosankha za bungwe lalikulu. Mtsikana wina, Betty Reid Soskin, ankagwira ntchito yaukalaliki mu ofesi ya nthambiyi, kusanja makadi a anthu.

Makilomita pafupifupi 30 kumpoto chakummawa kwa Richmond kuli doko la Port Chicago, komwe ankapakira mabomba ndi zipolopolo zopita kunkhondo ya ku Pacific. Opakira onse anali asilikali apamadzi achikuda, akuluakulu awo onse azungu. Sanaphunzitsidwe mokwanira kagwiridwe ka mabomba, ndipo akuluakuluwo ankapikisanitsa magulu kuti aone lomwe lipakire matani ambiri. Usiku wa pa 17 Julaye 1944, sitima ya E. A. Bryan, yomwe inapangidwa ku Richmond komweko, inaphulika ili yodzaza ndi zida. Anthu 320 anafera pomwepo, 202 mwa iwo akuda. Mawindo anasweka m'matauni akutali.

Chomwe chimandiwawa ndi chimene chinatsatira. Anyamata omwe anapulumuka, ena mwa iwo atatola zidutswa za matupi a anzawo, anawatumiza ku doko lina la asilikali la Mare Island patangopita milungu itatu kuti akayambirenso kupakira mabomba, pansi pa malamulo omwe aja. Anthu 258 anakana. Sanakane nkhondo, sanathawe, anangoti ntchito ina iliyonse agwira koma iyi ayi mpaka zinthu zitasintha. Makumi asanu mwa iwo anazengedwa mlandu woukira akuluakulu ankhondo ndipo anawalamula kukhala kundende zaka 8 mpaka 15. Loya wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, Thurgood Marshall, amene pambuyo pake anadzakhala woweruza woyamba wachikuda m'bwalo lalikulu la milandu ku America, anapita kukamvera mlanduwo ndipo anautsutsa poyera. Ambiri anatulutsidwa kumayambiriro kwa 1946, koma dzina loipa linawatsatira moyo wawo wonse. Mu 1948 Pulezidenti Harry Truman analamula kuti tsankho lithe m'gulu lankhondo.

Nkhondo itatha, malo opangira sitima anatsekedwa mofulumira monga momwe anatsegulidwira. Amayi ndi anthu akuda ndiwo anayamba kuchotsedwa ntchito. Ambiri sanabwerere kwawo kumwera, anakhazikika ku Richmond komweko, m'tauni yomwe ntchito inali itauma.

M'chaka cha 2000 boma linasandutsa mbali ina ya doko la Richmond kukhala malo osungira mbiri ya anthu omwe anathandiza nkhondo ali kumudzi. Pamisonkhano yokonza malowa panali Betty Reid Soskin uja, tsopano gogo, akukumbutsa okonzawo kuti nthambi ya A-36 inaliko ndipo iye anali mkati mwake. Anadzavala yunifolomu ya malowo n'kumafotokozera alendo zomwe anaona, mpaka anapuma ntchito mu 2022 ali ndi zaka 100. Sitima imodzi mwa 747 zija, Red Oak Victory, idakali pa dokopo ndipo anthu amakwera kukaiona.

Pa 17 Julaye 2024, zaka 80 chiphulikire Port Chicago, mkulu wa asilikali apamadzi Carlos Del Toro anasaina chikalata chochotsera mlandu asilikali 256 mwa 258 omwe anakana ntchito aja. Panalibe ndi mmodzi yemwe wamoyo woti achilandire, anachimva ndi ana awo ndi zidzukulu.