TNM kapena Airtel? Mafunso a anthu a ku Nkhotakota asanagule simu

Ndigule simu ya kampani iti?

Gulani ya kampani imene netiweki yake imafika m'nyumba mwanu. Pa boma ndi pa Dwangwa mudzapeza onse awiri, koma mukalowa kumtunda, kumidzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, zinthu zimasintha mudzi ndi mudzi chifukwa zitunda ndi zigwa zimatchinga nsanja. Bwerekani foni ya neba, muimbe muli m'chipinda chogona, kenako mutumize chithunzi pa WhatsApp. Kuimba kumatheka ngakhale pa 2G, pomwe intaneti yothamanga bwino imafuna 3G kapena 4G. Yesaninso magetsi atazima, poti nsanja ikatero imadalira mabatire kapena jenereta. Ngati ndinu msodzi, funsani anzanu pa doko kuti ndi simu iti imene imagwirabe akalowa pakati pa nyanja. Pamenepo ndi nkhani ya moyo, makamaka nyengo ya mwera.

Ndiye kuti n'kulakwa kukhala ndi masimu awiri?

Ayi, ambiri amatero, ndipo mafoni ambiri amalowa awiri.

N'chifukwa chiyani amafuna chitupa cha unzika?

Ndi lamulo. Kuyambira mu 2018, simu iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira zimenezi motsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016. Apa ndikupempheni ndi mtima wonse: musalembetsere munthu wina simu ndi chitupa chanu, ngakhale akhale mlamu wanu. Nambalayo ikagwiritsidwa ntchito pobera anthu, monga aja otumiza mauthenga oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", apolisi adzayamba ndi inu. Musagulenso simu yolembetsa kale kwa munthu wa pamsewu. Ikatayika, simudzatha kubwezeretsa nambalayo, ndipo ndalama zimene zinali m'menemo mudzavutika nazo.

Nanga khalidwe la kampani lili ndi ntchito?

Lili nayo, chifukwa masiku ano simu ndi chikwama. Ndalama za mpunga, za nzimbe, za fizi ya mwana zimadutsa pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Choncho yang'anani zinthu zimene mungathe kuziona nokha. Kodi bandulo imene mwagula amakuuzani momveka tsiku limene ithere? Ikatha, amakuchenjezani, kapena mumangozindikira mayunitsi atapita? Mukatumiza ndalama ku nambala yolakwika, amakuthandizani bwanji ndipo zimatenga masiku angati? Funsani ma ejenti awiri kapena atatu a pa msika, chifukwa iwowo ndi amene amamva madandaulo tsiku ndi tsiku, ndipo amadziwa ngati kampani imayankha. Onaninso ngati kwanuko kuli ejenti amene amakhala ndi ndalama zokwanira. Simu ya netiweki yabwino koma yoti agogo akwere kabaza kukatapa ndalama kutali, yawadyera kale gawo la ndalamazo.

Ndikufuna kuthandiza kampani ya kuno kwathu. Ndi iti?

TNM inayamba mu 1995 ndipo gawo lalikulu la masheya ake lili ndi Press Corporation, kampani ya kuno ku Malawi. Airtel Malawi, imene ena timaikumbukira ngati Celtel kenako Zain, ili pansi pa Airtel Africa. Onse awiri ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, TNM kuyambira 2008 ndipo Airtel kuyambira 2020, moti Amalawi ali ndi masheya konsekonse. Ngati zimenezi zikukukhudzani, ziganizireni, koma zisakuchititseni kugulira amayi anu simu imene sigwira kumudzi kwawo.

Akandilakwira ndikadandaule kuti?

Yambani ndi kampaniyo, poimba ku nambala yothandiza makasitomala kapena kupita ku shopu yawo. Lembani tsiku ndi nthawi, ndipo musafufute uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita. Akapanda kukuthandizani, tengerani dandaulo lanu ku MACRA pamodzi ndi umboni umenewo.