Chifukwa chake nsomba zimachuluka kumene nyanja ndi yozizira

Anthu akamva kuti ndimafufuza za nyanja zamchere, kawirikawiri amandifunsa za mafunde. Komatu mafunde satengera madzi kutali, amangowakweza n'kuwatsitsa pomwepo. Chimene chimasamutsa madzi ndi mitsinje yopanda magombe yoyenda m'kati mwa nyanja momwemo. Wotchuka kwambiri ndi Gulf Stream, umene umachoka ku Gulf of Mexico, kudutsa m'mbali mwa Florida, n'kuwoloka nyanja ya Atlantic kuloza ku Ulaya. Madzi ofunda amene umanyamula amaposa a mitsinje yonse ya pamtunda itaphatikizidwa.

Kuti timvetse chifukwa chake zamoyo zimadalira mitsinjeyi, tiyambe ndi vuto limene nyanja ili nalo. Chakudya cha m'nyanja chimayambira pa tizomera tosaoneka ndi maso toyandama pamwamba. Tinyama ting'onoting'ono timadya tizomerati, nsomba zazing'ono zimadya tinyamato, ndipo zimapitirira choncho mpaka kwa anamgumi. Tizomerati timafuna dzuwa ndi manyowa. Koma kuwala kokwanira sikupitirira mamita pafupifupi 200 kuya kwake, pamene chilichonse chakufa chimamira n'kukawolera pansi mumdima. Ndiye kuti dzuwa lili kumwamba, manyowa ali pansi. Madzi ofunda ndi opepuka, choncho amakhala pamwamba ngati chivundikiro, osalola apansi kukwera. Madzi obiriwira ngati thambo, oyera mbee, amene anthu amawakonda pa zithunzi, ine ndikawaona ndimadziwa kuti muli njala.

Chimene chimavundukula chivundikirocho ndi mphepo pamodzi ndi kuzungulira kwa dziko. Fridtjof Nansen wa ku Norway, pa ulendo wake wa ku Arctic wa 1893 mpaka 1896, anaona kuti madzi oundana sankatsata mphepo ndendende, ankapatukira kumanja. Mu 1905 Vagn Walfrid Ekman wa ku Sweden anafotokoza ndi masamu kuti chifukwa dziko limazungulira, madzi okankhidwa ndi mphepo amakhotera kumanja kumpoto kwa ikweta, ndipo kumwera amakhotera kumanzere.

Onani mmene zimachitikira ku Peru. Mphepo imawomba motsata gombe kuchokera kumwera kupita kumpoto. Madzi apamwamba amakhotera kumanzere, kutanthauza kumadzulo, kutali ndi mtunda. Malo amene asiyawo sangakhale opanda kanthu, ndiye madzi ozizira apansi amakwera atasenza manyowa aja mpaka pa dzuwa. Tizomera timaswana mpaka madzi kusintha mtundu, ndipo tinsomba totchedwa anchoveta timadzaza nyanja. Madzi ozizira oyenda motsata gombe limeneli ndiwo mtsinje wa Humboldt. Zomwezi zimachitika ndi mtsinje wa Benguela m'mbali mwa Namibia ndi kumadzulo kwa South Africa. Chimene chimandichititsa chidwi mpaka lero n'chakuti magombe onse awiriwa ndi zipululu, chifukwa madzi ozizira sapereka chinyezi chokwanira kugwetsa mvula. Kumtunda kuli gwaa, m'madzi muli mwanaalirenji.

Nanga madzi apansiwo amachokera kuti? Kufupi ndi Greenland ndi ku Antarctica madzi amazizira kwambiri, ndipo ena akaundana mchere wawo umatsalira m'madzi otsalawo. Madzi ozizira amchere wambiri ndi olemera, motero amamira n'kuyamba kukwawa pansi pa nyanja pang'onopang'ono, ulendo wotenga zaka pafupifupi 1,000 asanatulukirenso pamwamba. Pomira amatsika ndi mpweya wa okosijeni, ndipo ndi umene zamoyo za mumdima zimapuma.

Ndimadandaula ndikaona anthu akuyesa kuti nsomba za malo oterewa sizingathe. Zimadalira mphepo, ndipo mphepo imasintha. Pakapita zaka zingapo, mphepo za ku Pacific zimafooka, madzi ofunda amene zinawaunjika kumadzulo amabwerera ku South America n'kuphimba ozizira aja. Asodzi a ku Peru ndi amene anapatsa zimenezi dzina lakuti El Niño, kunena Mwana Yesu, poti madzi ofundawo ankafika cha pa Khirisimasi. Madzi amakwerabe, koma okwerawo amakhala ofunda, opanda manyowa. Tizomera timachepa, anchoveta zimathawira pansi kapena kumwera, ndipo mbalame zodya nsomba zimasiya zisa ndi anapiye ake.

Mu 1970 dziko la Peru linagwira matani pafupifupi 12 miliyoni a anchoveta. El Niño wa 1972 anapeza nsombazo zitafooka kale ndi kugwidwa mopyola muyeso, ndipo pofika 1973 zogwidwa sizinakwane n'komwe matani 2 miliyoni. Mabwato anaima, mafakitale anatsekedwa, anthu ambiri anataya ntchito, ndipo panadutsa zaka zambiri nsombazo zisanabwererenso mwakale.