Njinga Imodzi, Akuba Awiri: Mbiri ya Filimu ya Ladri di biciclette

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, situdiyo yaikulu ya Cinecittà ku Rome inali itasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Opanga mafilimu a ku Italy ananyamula makamera n'kumakajambula m'misewu, m'misika ndi m'nyumba za amphawi. Umu ndi mmene Vittorio De Sica anapangira filimu ya Ladri di biciclette (kutanthauza Akuba Njinga) mu 1948, nkhani imene anailuka pamodzi ndi Cesare Zavattini kuchokera m'buku la Luigi Bartolini.

Nkhani yake ndi yaifupi. Antonio Ricci, bambo amene wakhala pa ulova, wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa malonda m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga, ndipo yake ili pa pinyolo. Mkazi wake Maria akuyalula nsalu zapabedi n'kukazipinyolitsa kuti njinga iomboledwe. Tsiku loyamba lomwelo, Antonio ali pa makwerero kumata chithunzi cha katswiri wa mafilimu Rita Hayworth, mnyamata wina akuthawitsa njingayo. Chotsatira ndi bambo ndi mwana wake Bruno kuzungulira mzinda, kuyambira ku msika wa Piazza Vittorio, kumene njinga zakuba zimaphwasulidwa n'kugulitsidwa belu payekha, pampu payokha, felemu itapakidwa penti wina. Amene amadziwa chimene njinga ili kwa wakabaza safunika kufotokozeredwa chimene chatayika apa.

Ambiri amaganiza kuti filimuyi inangotoledwa pamsewu. Ayi, inamangidwa mosamala kwambiri. De Sica anakana ndalama za ku Hollywood zimene zinabwera ndi lamulo loti katswiri wotchuka Cary Grant ndiye akhale Antonio, ndipo anasankha Lamberto Maggiorani, wogwira ntchito mufakitale. Bruno anali Enzo Staiola, kamnyamata kamene sikanachitepo sewero. Munthu wosazolowera kamera amauma thupi kapena kukokomeza nkhope, choncho De Sica, amene iye mwini anali katswiri wa zisudzo, ankawasonyeza kayendedwe, poima ndi poyang'ana. Mvula yaikulu imene ikuoneka m'filimuyi pa msika wa Porta Portese inachokera m'mapaipi a ozimitsa moto. Mawu anawajambula pambuyo pake, monga zinkachitikira ku Italy nthawi imeneyo, ndipo izi zinamasula kamera ya Carlo Montuori kuti izitsata anthu m'chigulu popanda kuopa phokoso la mumsewu.

Taonani malo a pinyolo aja. Kalaliki akutenga mtolo wa Maria n'kukwera nawo mashelefu aatali odzaza ndi mitolo yofanana mpaka kudenga. Palibe amene akutchula za umphawi wa dziko, koma diso laona kale kuti mabanja ovutika chonchi ndi ankhaninkhani.

Pa dzina la filimuyi pali mkangano wakale. M'Chitaliyana limanena za akuba ambiri, koma ku America analisandutsa The Bicycle Thief, wakuba mmodzi. Uku kunali kulakwitsa, chifukwa kumapeto Antonio, atathedwa nzeru pafupi ndi bwalo la mpira, akuba njinga ya munthu wina, akugwidwa ndi kumenyedwa mwana wake akuona. Mwini njinga ataona Bruno akulira akumukhululukira, ndipo mwanayo akugwira dzanja la atate ake. Wakuba wachiwiri ndi munthu amene takhala tikumumvera chisoni kuyambira pachiyambi, ndipo dzina la mmodzi limabisa zimenezi.

Ku America komweko oyang'anira mafilimu anafuna kuti magawo awiri adulidwe, lina losonyeza Bruno akufuna kukodza pakhoma ndi lina la m'nyumba ya mahule. Joseph Burstyn, amene ankaigawa kumeneko, anakana. Mu 1950 filimuyi inalandira mphoto yapadera ya Oscar, ndipo mu 1952 akatswiri ofunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound anaiika pa nambala 1 mwa mafilimu onse. Mu 1962 malowo anatengedwa ndi filimu ya ku America ya Citizen Kane. Wopanga mafilimu wa ku India Satyajit Ray anaonera Ladri di biciclette ku London mu 1950, nabwerera ku India atatsimikiza kujambula panja ndi anthu wamba, ndipo zinabala filimu yake ya Pather Panchali mu 1955.

Maggiorani yekha zinamuvuta. Atabwerera kufakitale, ntchito inamuthera, ndipo m'mafilimu ena amene analowamo sanapezenso gawo lalikulu ngati la Antonio. Anamwalira mu 1983.