Musanati chip ndi chabodza, yezani kaye voltage

Nthawi zonse pulogalamu ikakana kulowa mu microcontroller (chip chimene chimagwira ntchito ngati kakompyuta kakang'ono), mlandu umagwera wogulitsa wa ku Limbe: akuti wawagulitsa chip chabodza. Zabodza zilipodi, koma mwa ma board amene achinyamata a kuno ku Thyolo amabwera nawo akudandaula, ambiri vuto lake ndi voltage, ndipo mwiniwake amakhala sanagwireko multimeter (mita yoyezera voltage) n'kamodzi komwe.

Tiyambe ndi ESP32, poti ndi imene ambiri akugula popanga zoyezera chinyontho m'dimba kapena zoyatsira pampu ya sola. Chip chimenechi chimayendera 3.3V ndipo malire ake ndi 3.6V. Kachipangizo ka USB kofulashira (kolowetsera pulogalamu mu chip), kaya ka CH340 kaya ka FT232, kamakhala ndi jumper yosankhira 5V kapena 3.3V. Mukaiwala jumper pa 5V n'kulumikiza VCC (waya wopereka magetsi) ku phini ya 3V3 ya board, mwaotcha chip, basi. Chimene chimandivutitsa kwambiri ndi china: pa tizipangizo tina totchipa, jumper imasintha VCC yokha, pamene waya wa TX (wotumizira data) ukutulutsabe 5V. Munthu amaona kuti wasankha 3.3V, pulogalamu n'kulowa bwinobwino, iye n'kukakhoma bokosi lake kudimba ku Bvumbwe. Koma phini ya RX (yolandirira data) ya chip yakhala ikulandira voltage yoposa malire ake nthawi iliyonse akufulasha, ndipo tsiku limene idzagonje palibe adzaganizire za kachipangizo kaja. Kuyeza kwake n'kwa mphindi imodzi. TX ikakhala kuti sikutumiza kanthu imakhala pamwamba, ndiye ikani mita pakati pa TX ndi GND (waya wa 0V) musanalumikize chilichonse. Ikawerenga 5V, ikani resistor ya 1k kuchoka pa TX kupita ku RX ya chip, ndi ina ya 2k kuchoka pa RX kupita ku GND. Zimatsitsa 5V kufika pafupifupi 3.3V.

Kupereweranso ndi vuto. Phini ya 3.3V ya FT232R (chip cha mu kachipangizo kofulashira) imapereka 50mA yokha, pamene ESP32 imafuna gwero lotha kupereka 500mA, makamaka WiFi ikayaka. Zotsatira zake ndi uthenga uja wa "Brownout detector was triggered" ndi board yomangozima n'kuyakanso. Ipatseni regulator yakeyake. Regulator ya AMS1117-3.3 imadya volt imodzi ndi pang'ono, choncho ilowetseni 5V, osati batire ya foni ya 3.7V. GND zonse zikumane, ndipo waya wa USB ukhale waufupi. Mawaya aatali opyapyala a pamsika amagwetsa voltage m'njira.

ATmega328P ya mu Arduino Uno ndi yopirira, imayenda kuyambira 1.8V mpaka 5.5V, koma liwiro limatsata voltage: 4MHz pa 1.8V, 10MHz pa 2.7V, 20MHz pa 4.5V. Chip chokhala ndi crystal ya 16MHz mukachipatsa 3.3V mwatuluka m'malire a datasheet (chikalata cha opanga chip). Mwina chiyenda, mwina ayi.

Ma PIC, mtundu wina wa ma microcontroller, ali ndi khalidwe lawo. Akale monga PIC16F877A amafuna pafupifupi 13V pa phini ya MCLR (ya reset) kuti alowe m'njira yolembedwa, komanso VDD (magetsi oyendetsera chip) yosachepera 4.5V pofufuta chip chonse. Atsopano a m'banja la PIC16F1 amafuna 8V mpaka 9V basi pa MCLR, ndiye 13V ya programmer yakale ikhoza kuwaononga. Musamangirize MCLR ku VDD ndi waya wachindunji. Pakhale resistor ya 10k, ndipo pasakhale capacitor yaikulu yochedwetsa voltage kukwera. Programmer ya PICkit 3 imapereka cha m'ma 30mA, si yoyendetsera board yonse yokhala ndi relay ndi LCD. Board ipatseni magetsi ake.

Amene mumagwira ntchito ndi batire ya sola, "12V" ija imafika 14.4V dzuwa likamatchaja. Ikani buck converter (kachipangizo kotsitsa voltage) monga LM2596, muipotokole mpaka mita iwerenge 5V, kenako mulumikize board. Ambiri amalumikiza kaye, kupotokola pambuyo.

Ndipo chonde, board ikakana musathamangire nayo kwa aliyense wokhala ndi blower pa benchi la mafoni ku Luchenza. Alipo odziwa ntchito, koma ena mankhwala awo ndi amodzi pa matenda onse: kuwotcha chip mpaka timizere ta board titukuke. Enanso amakopera ma fuse (ma setting a mkati mwa chip) a AVR, banja la ATmega328P, pa intaneti osawamvetsa, n'kutseka phini ya RESET. Zikatero programmer ya USBasp siithanso kulankhula ndi chip. Pamafunika programmer yoika 12V pa RESET, imene ambiri kuno alibe. Chip chikayamba kutentha mutangolumikiza, zulani waya nthawi yomweyo, musayesenso kachiwiri kuti muone ngati chisinthe. Yezani VCC, yezani TX, onani ngati GND yalumikizana, kenako tsegulani datasheet pa tsamba la "Absolute Maximum Ratings".