Zoletsedwa ndi Zololedwa kwa Mlendo m'Madera a Amaya: Mafunso ndi Mayankho

Amaya, mtundu wa anthu amene makolo awo adamanga mizinda ndi akachisi a miyala kalekale, alipo mamiliyoni angapo lero lino ku Guatemala, kummwera kwa Mexico, ku Belize ndi kumadzulo kwa Honduras, ndipo malo ambiri amene mlendo amawaona ngati mabwinja, eni ake amapempherabe pomwepo. Malamulo amene ali m'munsiwa amamveka bwino munthu akasunga zimenezi m'mutu.

Kodi malamulowa amawaika ndani?

Ku Mexico mabwinja onse ali m'manja mwa bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale la INAH, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1939, ndipo lamulo la mu 1972 limati chilichonse chimene chidamangidwa, kuumbidwa kapena kusemedwa Asipanishi asanafike ndi chuma cha dziko. Koma m'midzi ina ya kumapiri a Chiapas, kummwera kwa dzikolo, akuluakulu a mudzi amaweruza nkhani potsata miyambo yawo ndipo ali ndi alonda awoawo, choncho amene walakwa kumeneko amayamba wakumana ndi eni mudzi.

N'chifukwa chiyani salola kukwera kachisi wamkulu wa ku Chichén Itzá, ku Mexico?

Kachisi wa Kukulcán, amene amatchedwanso El Castillo, ali ndi masitepe 91 mbali iliyonse mwa mbali zake zinayi, ndipo mukawonkhetsa pamodzi ndi nsanja ya pamwamba amakwana 365, monga masiku a m'chaka. Masitepewo ndi ang'onoang'ono komanso otsetsereka kwambiri, ndipo miyala yake idasalala chifukwa chopondedwa ndi anthu osawerengeka. Mu 2006 mayi wina wachikulire wa ku America adagwa pamenepo n'kumwalira, ndipo pofika 2008 kukwera kudali kutaletsedwa.

Wodumpha chingwe chotchinga kachisiyo amagwidwa ndi alonda n'kulipitsidwa chindapusa, koma chimene ambiri sachiyembekezera ndi mkwiyo wa anthu amene ali pansi. Mu Novembala 2022 mayi wina atakwera mpaka pamwamba, khamu lidamukuwiza ndi kumuthira madzi pomwe ankatsika. Ine ndimaona kuti chiletsochi sichimulanda mlendo kanthu, pakuti zodabwitsa za kachisiyu zimaonekera pansi. Mukaima moyang'anana ndi masitepe n'kuomba m'manja, mawu amabwerera ngati kulira kwa mbalame ya quetzal; ndipo mu Marichi ndi mu Seputembala, pamene usana ndi usiku zimalingana, dzuwa likapendeka chithunzithunzi chonga njoka chimatsika m'mbali mwa masitepe a kumpoto kukakumana ndi mutu wa njoka wosemedwa pamwala umene uli pansi.

Ndiye kuti palibe kumene munthu angakwere?

Kulipo. Ku Tikal, m'nkhalango ya Petén ku Guatemala, adaika makwerero a matabwa m'mbali mwa kachisi wachinayi, amene ndi wamtali kuposa onse pamalopo, kuti anthu afike pamwamba osaponda miyala yakale. Kachisi woyamba sakwereka. Pabwalo lalikulu pali malo ozungulira osonkhapo moto amene Amaya amaperekerapo nsembe mpaka lero, ndipo mukapeza mwambo uli mkati, imani chapatali osadutsa pakati pawo.

Kodi ndingajambule zithunzi m'tchalitchi cha San Juan Chamula?

Ayi, ndipo lamulo ili eni ake saseka nalo. Chamula ndi mudzi wa Amaya olankhula Chitzotzil, pafupi ndi mzinda wa San Cristóbal de las Casas ku Chiapas. M'tchalitchimo mulibe mabenchi. Pansi amayala masamba a paini aawisi, ndipo banja lililonse limasesa kamalo kake n'kumata makandulo m'mizeremizere pansi pomwepo, kenako limagwada pamaso pa zifanizo za oyera mtima zimene zandandalikidwa m'mbali mwa khoma. Sing'anga amagwira mkono wa wodwala kumvera mtsempha, amapemphera chamumtima kapena mokweza, nthawi zina amazunguliza nkhuku pathupi la wodwalayo asanaiphe, ndipo pambali pamakhala mabotolo a Coca-Cola ndi a pox, mowa wotcheza wofanana ndi kachasu.

Amene ali mmenemo ndi odwala ndi abale awo, ndipo abwera ndi mavuto a kunyumba kwawo. Mlendo amalipira pakhomo kuti alowe, koma ndalama imeneyo sigula ufulu wojambula. Foni ndi kamera zikhale m'chikwama, chifukwa wogwidwa angathe kulandidwa chipangizocho, kulipitsidwa chindapusa ndi kuthamangitsidwa m'mudzimo. Ngakhale kunja, akuluakulu a mudzi ovala zovala za udindo wawo sajambulidwa.

Nanga anthu a pamsika ndi ana?

Pemphani kaye, ndipo akakana musaumirire. Pa ana m'pofunika kusamala koposa: mu 2000 ku Todos Santos Cuchumatán, ku Guatemala, mlendo wa ku Japan ndi dalaivala wa basi adaphedwa ndi khamu mphekesera zitafala zoti kwabwera anthu oba ana.

Ku Chichicastenango, ku Guatemala, komwe msika umachitika Lachinayi ndi Lamulungu, amayi amakhala mozungulira chiwaya chachikulu akuumba tortilla m'manja kuchokera ku chimanga chophikidwa m'madzi a laimu, ndipo njira yaulemu yoyambira kucheza nawo ndi kugula mbale ya pepián, nyama ya msuzi wa nthanga za maungu ndi chitowe zokazinga. Masitepe 18 a tchalitchi cha Santo Tomás, amene amaimira miyezi 18 ya kalendala ya Amaya, ndi malo ofukizira lubani, motero mlendo alowere khomo la m'mbali.

Bwanji amatiuza kuti tisambe tisanalowe m'madzi a cenote?

Kumpoto kwa Yucatán, dera la ku Mexico komwe kuli Chichén Itzá, kulibe mitsinje ya pamtunda. Madzi amayenda pansi pa thanthwe ndipo amaonekera m'zitsime zachilengedwe zotchedwa cenote. Madzi omwewo ndi amene midzi imamwa, choncho mafuta odziteteza ku dzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu ayenera kutsukidwa kaye. M'chitsime chopatulika cha ku Chichén Itzá, momwe kale ankaponyamo nsembe kwa Chaac, mulungu wa mvula, simusambidwa konse. Ofuna kusambira amapita ku Ik Kil, pafupi pomwepo.

Kodi ndingagule mbiya kapena kachifanizo kakale n'kupita nako kwathu?

Ku Mexico ndi ku Guatemala komwe, kugulitsa kapena kutulutsa m'dziko zinthu zakale zotere ndi mlandu umene munthu angamangidwe nawo, ndipo ngakhale phale limene mwatola pansi m'mabwinja liyenera kusiyidwa pomwepo. Zololedwa ndi zimene amisiri a lero amaumba ndi kusema motengera zakale, komanso huipil, bulauzi yolukidwa pamanja imene maluwa ndi mitundu yake imasonyeza mudzi umene woluka adachokera. Sungani lisiti la chilichonse chooneka ngati chakale, kuti mukhale ndi choonetsa akakufunsani pabwalo la ndege.