Tsanya ndi phingo: mayankho a mafunso amene mukutifunsa

Osema ndi ootcha makala ochokera kwa Ngabu, ku Nchalo ndi ku Bangula akhala akufika ku ofesi yathu ya zankhalango akudandaula kuti amauzidwa zosiyanasiyana pa mitengo iwiriyi.

Kodi ndi ya banja limodzi?

Inde, yonse ndi ya banja la nyemba, Fabaceae. Dzina la sayansi la tsanya ndi Colophospermum mopane, la phingo ndi Dalbergia melanoxylon.

Ngati akatswiri amati mitengo ya tsanya sikutha, bwanji mumalanda makala athu?

N'zoona kuti bungwe la IUCN, loona za kasungidwe ka zachilengedwe padziko lonse, linaika mtengo wa tsanya m'gulu la zomera zosadetsa nkhawa, pamene wa phingo uli m'gulu la zomwe zatsala pang'ono kukhala pachiopsezo. Koma bungweli limawerengera dera lonse kumene mtengo umamera, ndipo wa tsanya ndi wochuluka ku Botswana, Zimbabwe, Namibia ndi Mozambique. Kuchuluka kwake kumeneko sikubwezeretsa zitsa zomwe tikuziona ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pakuti mtengowu umakula mochedwa kwambiri. Chimene timatsatira ife ndi lamulo la nkhalango la 1997, lomwe limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, kaya mtengowo ndi wa mtundu wanji. Tikuvomereza kuti chiphasochi sichapafupi kwa munthu wakumudzi, ndipo dandaulo limenelo n'lomveka.

Kodi kusema phingo kunaletsedwa?

Ayi. Kuyambira mu Januware 2017 mitengo ya mtundu wa Dalbergia ili pansi pa CITES, pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama zakutchire pa malonda, ndipo wa phingo uli pa mndandanda wachiwiri, wa zomwe zimaloledwa kugulitsidwa kunja pokhapokha pali chilolezo. Panganoli limayang'ana za malonda odutsa malire, kotero wotumiza matabwa kunja ayenera kukhala ndi chikalata cha nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Zosema zomalizidwa zosapitirira makilogalamu 10 pa katundu mmodzi zinapatulidwa pa lamuloli, komabe tikupempha kuti mufunse kaye ku nthambiyi musanalonjeze wogula, chifukwa maiko ena ali ndi malamulo awo oonjezera, ndiponso mudzafunsidwa kumene munadula mtengowo.

Nanga bwanji odula ndi makina sagwidwa?

Ena amagwidwa: mu 2016 anthu 35, ambiri ochokera kunja, anamangidwa atapezeka akudula tsanya m'paki ya Lengwe. Sitikana kuti amene amakumana ndi alonda kawirikawiri ndi wonyamula thumba panjinga. Mukaona mathirakitala akulowa m'thengo, dziwitsani mfumu kapena komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe tsiku lomwelo.